Tiyi wa Tabita

Mukafika pa Bvumbwe kapena ku Khonjeni n'kumva mwamuna akuuza mnzake kuti, "Tiye tikamwe tiyi wa Tabita," musaganize kuti akunena za tiyi. Akunena kachasu. Ambiri mwa olankhula mawu amenewa sadziwa n'komwe kuti Tabitayo ndi munthu, ali moyo, ndipo ndi mng'ono wanga wa bere limodzi. Ine ndine Anesi, mkulu wake. Mawuwa ndikawamva mtima umandiwawa mpaka lero, moti tsiku lina ndinatsala pang'ono kumenya kondakitala wa minibasi ndi chinangwa chimene ndinanyamula.

Tinabadwira kufupi ndi mishoni, m'banja losunga Sabata. Zoti kwathu kunalibe mowa, fodya ndi nkhumba, zimenezo aliyense akudziwa. Koma kwathu ngakhale tiyi sankalowa m'nyumba. Mayi ankati tiyi amasokoneza mitsempha, ndipo m'mawa tinkamwa madzi otentha othira ndimu. Choseketsa n'chakuti tonse awiri titakula tinalembedwa ntchito yothyola tiyi pa esiteti. Tinkamuthyola, kumusenza kumsana, zala mpaka kuda bii, koma pakamwa ayi. Akabweretsa mgolo wa tiyi kumunda nthawi yopuma, ife tinkakhala pambali ndi chinangwa chathu. Ine ndinadzayamba kumwa tiyi nditakwatiwa ndi munthu wa mpingo wina. Tabita sanalaweko ngakhale dontho.

Mwana ameneyu anali ndi mawu. Akayambitsa nyimbo m'mawa, dengu lili kumsana, manja ali pa nsonga za tiyi, mzere wonse unkavomera, ndipo kapitawo wathu wokonda kukalipa ankaiwala kukalipa. Ankaimba za ku tchalitchi, nthawi zina n'kuponyamo ndime ya Chilomwe imene anamva kwa mayi.

Reinford Malizani ankayendetsa thirakitala yotuta masamba kupita nawo ku fakitale, koma anthu ankamudziwira gitala. Anali ndi nyimbo yake imene inamveka pa wailesi kwa miyezi ingapo m'chaka cha 1995. Nyimbo imodzi yokha basi, koma mukanaona mayendedwe ake! Magalasi akuda ankavala ngakhale kunja kuli chiperoni choti sungaone phazi lako. Tsiku lina anafika pamunda wathu, anamva Tabita akuimba, anazimitsa injini, ndipo masamba anachedwa ku fakitale mpaka anakalipiridwa. Atabwera kudzafunsira, mayi anamuuza poyera kuti mwana wawo sakwatiwa ndi munthu woimba m'mabala. Reinford anasiya mowa, anabatizidwa, ukwati unachitika. Anamanga nyumba pamalo a mayi athu monga mkamwini, ndipo kunabadwa mwana wamkazi, Tisungeni.

Ndisaname, poyamba alamu anga anamuchitira zabwino mng'ono wanga. Ndi iwo anamuphunzitsa kulowa limodzi ndi gitala, ndi iwo anamutengera ku situdiyo ku Blantyre ali wamanyazi, wosadziwa koyang'ana. Kaseti inatuluka mu 1999. Kutsogolo kunali chithunzi cha Tabita ndi dzina lake, la amuna ake linali kuseri m'timalemba ting'onoting'ono. Palibe anayembekezera zimene zinachitika. Ukakwera minibasi pa Limbe, Tabita. Ukadutsa pa golosale ku Luchenza, Tabita. Anayamba kumuitana ku Mulanje, ku Zomba, mpaka ku Lilongwe, ndipo dengu analisiya.

Pamenepo m'pamene Reinford anasanduka "amuna awo a Tabita". Tsiku lina mumsika wa Limbe mayi wina anawapatsa mwana kuti amugwirire, iye apereke moni kwa Tabita ndi manja awiri. Anamugwira mwanayo akuseka, koma ine ndinaona mmene nsagwada zinaumira. Pasanapite nthawi anayamba kupezeka kwa Magdalena, mayi wotcheza kachasu kuseri kwa malayini, nyumba za antchito a pa esiteti. Thirakitala anaigwetsera mu ngalande, masamba onse mbwee, ntchito inatha. Pa ukwati wina ku Chimaliro anagwera pa sipika Tabita ali pakati pa nyimbo, ndipo iye anamaliza kuimba misozi ikutsika.

Ankhoswe anakhala pansi, limodzi ndi mkulu wa mpingo, a Jeremiya, munthu wofatsa wa imvi. Reinford anagwada pa fumbi, analira mpaka mamina.

"Mowa ndausiya lero," anatero. "Koma khosi langali linazolowera chowawa. Ndiloleni tiyi wakuda yekha, wopanda shuga, kuti ndizilinyenga."

A Jeremiya anakanda mutu. Anati tiyi nayenso si wabwino kwa munthu wa mpingo, koma tiyambe tachotsa chachikulucho, chaching'ono tidzachiona kutsogolo.

Tabita anasangalala ngati wakwatiwanso kachiwiri. Anapita ku Limbe kukagula fulasiki yofiira ya maluwa. Popeza amuna ake ankanyamula gitala ndi batire, fulasiki ankanyamula ndi iye, m'chikwama mwake, pambali pa Baibulo ndi buku la nyimbo. Sankalola munthu wina kuigwira, ankati mkati mwake ndi galasi, isweka. Thyolo yense anaidziwa fulasiki imeneyo. Reinford ankadzuka yekha m'mamawa kuwiritsa tiyi wake, wothira jinja wambiri, ndipo madzulo ankaitsuka yekha. Masana ankangoti, "Mayi a Tisungeni, tandipatsirani tiyi wanga," kumwa pang'ono, kutseka, kubweza. Kenako kutafuna adyo, ati ndi wokonza mawu. Sanadzandirenso, sanagwenso. Ku mishoni anamulemba ntchito yoyendetsa lole.

Ine zinandikayikitsa. Ndinamufunsa Tabita kuti, "Iwe, mwamuna amene sanatsukepo ngakhale sipuni, lero akutsuka yekha chiwiya? Sukuona kuti pali nkhani?"

"Achemwali, inu simufunira anthu zabwino," anandiyankha. Anandikwiyira mlungu wonse.

Kenako kunabwera msonkhano wa misasa wa chaka cha 2003, mu Ogasiti. Anthu anachokera kutali, ena ochokera ku Mozambique, ambiri ofuna kudzamuona ndi maso mwini mawu a pa kaseti. Pa Sabata masana panakonzedwa zinthu ziwiri zazikulu: Reinford apereke umboni wa mmene Ambuye anamuchotsera ku mowa, kenako Tabita aimbe. Koma chiperoni chinali chitagwa masiku angapo, ndipo Tabita anadzuka ndi chimfine, mawu atasasa. Anayesa madzi a ndimu, osathandiza. Chakudya chinamukanika. Nthawi itayandikira anakumbukira jinja wa mu fulasiki ija.

Mumvetse bwino apa. Kwa Tabita kumwa tiyi linali tchimo, laling'ono inde, koma tchimo. Sakanatha kumwa pamaso pa amayi a Dorika, gulu la amayi a mumpingo. Anatenga chikwama, anazemba, anakabisala kuseri kwa mpanda wa udzu kumene kunali nkhuni. Anathira m'chivindikiro, anatsina mphuno monga timachitira ndi mankhwala, n'kumeza kamodzi. Pakhosi panayaka moto. Anatsokomola, zina zinatayikira pa bulauzi yake yoyera. Ndipo mwana wa mayi anga, chifukwa sanalawepo tiyi chibadwire, anaganiza kuti tiyi amakoma choncho. Anamva kukhosi kukutseguka, anathiranso chachiwiri.

Anamupeza ndi Mayi Ester, mtsogoleri wa amayi a Dorika, amene anatumidwa kukamuitana. Anamupeza atatsamira nkhuni, chivindikiro chili m'manja, mutu ukumuzungulira. Mayi Ester ndi namwino, fungo limenelo sakanalisokoneza ndi china. Mu fulasiki munali kachasu wosakaniza ndi tiyi wotentha ndi jinja.

Ine ndinali pa msonkhanopo kudzamva mng'ono wanga, ndipo anandiitanira mumsasa wa akulu a mpingo. Ndinapeza Tabita ali pa mkeka, bulauzi yothimbirira, fulasiki ili patebulo. Reinford anali chiimire pakhomo atavala jekete lake la umboni.

"Mayi Malizani, mumabisala?" anafunsa a Jeremiya.

"Eya, ndimabisala."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndimaopa kuti mundiona ndikumwa tiyi."

Mkulu wina anaseka, kenako anadzigwira pakamwa. A Jeremiya sanaseke. Anatembenukira kwa Reinford n'kufunsa kuti, "Bambo Malizani, fulasiki iyi tinkamva kuti ndi ya tiyi wanu. Tiuzeni."

Tabita anakweza maso kuyang'ana amuna ake. Sanali ndi mantha ngakhale pang'ono, ndinamuona. Ankadikira kuti angonena.

Reinford anayang'ana pansi, anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Akuluakulu, ndakhala ndikuwabisira chifukwa ndi akazi anga," anatero. "Tiyi wanga ndimamwera kunyumba. Fulasikiyo anagula ndi iwo, amanyamula ndi iwo, salola munthu kuigwira. Inu nonse mumaona. Ati popanda zimenezo sangaime pamaso pa anthu."

Ndinadzuka kuti ndimukwenye kukhosi, madikoni awiri anandigwira. Ndinakuwa kuti ndi bodza, ndinatchula Magdalena, ndinatchula thirakitala. Anandiuza kuti ndine m'bale wake, ndiponso si wa mpingo uno, nditulukeko. Tabita anangoti, "Bambo a Tisungeni," kamodzi, motsitsa.

Ndipo Reinford yemweyo anakwera pa nsanja masana omwewo n'kupereka umboni wake. Analankhula bwino, anthu anavomera ma ameni. Pomaliza anapempha khamu lonse kuti lipempherere wina wa m'nyumba mwake amene akadali mu unyolo womwewo. Tabita sanaimbe, ndipo aliyense anaona mpando wake wopanda munthu. Anthu si ana, anaphatikiza okha.

Mpingo unamuika Tabita pa chilango. Oitana anasiya kuitana, wailesi zinasiya kuika nyimbo zake, ndipo amene ankaimirira kumupatsa mpando mu minibasi anayamba kutsinana akamuona. Yankho lake lija, loti ndimaopa kuti mundiona ndikumwa tiyi, linatuluka mumsasa muja n'kuyenda m'malayini monse. Anyamata a kabaza analitola, analifikitsa m'misika. Chaka chisanathe, kachasu anali ndi dzina latsopano.

Ndinapita kwa Magdalena kukamupempha kuti akanene zoona kwa akulu a mpingo. Anandiyankha akutsuka mabotolo kuti iye makasitomala ake sawatchula. Ndinabwerera kwa alamu anga, ndinawapeza akupukuta gitala pakhonde.

"Alamu, mwamupha mwana wa eni," ndinatero.

"Alamu, tamverani," anatero, osandiyang'ana. "Iwo ali ndi dzina lalikulu, liwabwerera lokha. Ine akandichotsa pa lole paja nditsala ndani? Ndipatseni nthawi. Zinthu zikazizira ndikanena ndekha."

Malo anali athu. Amalume anabwera n'kunena kuti mkamwini wotere timumangire katundu wake abwerere kwawo dzuwa lisanalowe. Ine ndinali nditayamba kale kutulutsa nsapato zake panja. Tabita anazitola n'kuzibwezera m'nyumba.

"Achemwali, akachoka achoka ndi dzina langa m'kamwa mwawo," anatero. "Amene angalibweze ndi iwo okha. Asiyeni akhale."

Ndiye anakhala. Tabita ankawaphikira, kuwachapira, n'kumadikira. A Jeremiya anabwera kangapo kudzamuuza kuti chitseko n'chotsegula, akangoima pamaso pa mpingo n'kuvomera kulakwa kwake abwerera m'kwaya. Tabita ankayankha mwaulemu kuti angavomere tiyi, koma mowa umene sanaudziwe sangauvomere. Anakatenganso dengu pa esiteti, mzere womwe uja, koma osaimba. Chaka chilichonse msonkhano wa misasa ukayandikira ankafunsa kuti, "Bambo a Tisungeni, chaka chino?" Iwo ankati chaka chino zinthu sizinazizire bwino. Fulasiki anali atayamba kunyamula okha, mu lole, pansi pa mpando.

Mu 2008 Reinford anadwala. Mimba inatupa, maso anachita chikasu, miyendo ngati mitondo. Madokotala anati chiwindi chatha. Ine ndinati tsopano aliyense aona yekha amene ankamwa. Kodi anthu mumawadziwa? Anati taonani, munthu anasiya bwinobwino, mkazi wamubwezera ku mowa. Tabita anagona pansi pa bedi lake m'chipatala miyezi yonseyo, kumutembenuza, kumusambitsa, kumumwetsa phala ndi sipuni.

Tsiku lina m'mawa Tabita anandipeza kunyumba akupuma mothamanga, nkhope yowala mmene sindinaione kwa zaka. "Achemwali, anena okha kuti ndiitane akulu a mpingo. Ati ali ndi mawu." Anasamba, anavala chitenje chake chatsopano ndi duku woyera. M'njira ndinamumva akung'ung'udza kanyimbo pansipansi, koyamba chichokereni ku msonkhano uja.

Nthawi yoona odwala masana tinazungulira bedi: a Jeremiya, Mayi Ester, ine ndi Tabita. Reinford anali atatha, mawu akutuluka movutika. Anagwira dzanja la a Jeremiya.

"Akulu, ine ndikupita. Pali chinthu chimene chikundilemera, chokhudza mayi a Tisungeni."

"Nenani, mwana wanga," anatero a Jeremiya.

Tabita anagwira mkono wanga, anaufinya mpaka kuwawa. Reinford anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi. Anayang'ana Mayi Ester, anayang'ana odwala a m'mabedi oyandikana amene anali atatchera khutu, pakuti ambiri ankamudziwa monga bambo wa umboni uja.

"Muwakhululukire," anatero. "Andisamala kwambiri. Ndipo ndikuchitira umboni pamaso pa Mulungu kuti anasiya. Samwanso."

Mayi Ester anati ameni, akupukuta misozi. A Jeremiya anagwira Tabita paphewa n'kunena kuti ndi amuna ochepa amene amakumbukira kupepesera akazi awo pa bedi la imfa. Dzanja la Tabita linamasuka pa mkono wanga. Sanalire. Anawerama, anakonza bulangete limene linatsetsereka kumapazi, anatenga beseni n'kupita kukatunga madzi. Ine ndinatuluka panja, chifukwa ndikanakhala ndikanalankhula mawu osayenera kwa munthu wakufa. Reinford anamwalira m'mlungu womwewo osanenanso kanthu, ndipo pamaliro pake analalikira za munthu amene anagonjetsa botolo.

Chaka chathachi, mu 2009, ndinabwereranso kukathyola nawo nyengo ya mvula, masamba atachuluka. Tsiku lina nthawi yopuma anabweretsa mgolo wa tiyi monga mwa masiku onse. Tabita anakhala pambali ndi chinangwa chake. Panali mayi wina wachitsikana wochokera ku Phalombe, wongolembedwa kumene, wansangala zake. Analawa tiyi, anakwinya nkhope.

"Uyu ndi madzi enieni," anatero. "Kuzizira konseku akanatipatsa tiyi wa Tabita, mwina tikanamva kutentha."

Akale onse anayang'ana pansi. Ine ndinaika kapu pansi, ndinayamba kumanga chitenje, koma mng'ono wanga anandigwira mwendo. Mtsikanayo sanaone kanthu. Anasendera kufupi, ananyema chigumu chake n'kumupatsako Tabita.

"Inu amayi simumwa tiyi? Komatu sitinadziwane. Ine ndine Joan. Inu dzina lanu ndani?"

Tabita analandira chigumucho ndi manja awiri.

"Muzingoti mayi a Tisungeni," anatero.